Zida za AI ndi Opanga Mavidiyo: Thandizo Lenileni Kapena Phokoso Chabe?

Mu June 2025, Jimmy Donaldson, mnyamata wa ku America amene dziko limamudziwa ndi dzina loti MrBeast, anatulutsa chida chatsopano pa tsamba lake la Viewstats. Chinali chida cha AI chopangira thumbnail, kachithunzi kaja kamene munthu amayamba kuona pa YouTube asanaganize zotsegula vidiyo. Munthu ankatha kuchilozera tchanelo ya wina imene zithunzi zake zimamudolola, n'kuikapo nkhope yake, chithunzi n'kutuluka pomwepo. MrBeast anati akufuna kuthandiza ang'onoang'ono amene alibe ndalama zolipira wojambula. Anzake pa ntchitoyi sanazione choncho. Jacksepticeye wa ku Ireland, amene chizindikiro cha tchanelo yake chinaoneka mu kanema wotsatsa chidacho popanda chilolezo chake, anakalipa poyera, ndipo ojambula zithunzi anati uku n'kuba thukuta lawo masanasana. Patangopita masiku ochepa MrBeast anachichotsa, m'malo mwake anaikapo njira yopezera ojambula enieni oti munthu awalipire.

Ngati munthu amene ali ndi otsatira ambiri kuposa wina aliyense pa YouTube anabwerera m'mbuyo chonchi, ndiye kuti nkhaniyi si yamasewera. Zida zoterezi zachuluka, ndipo lonjezo lawo ndi limodzi: tilipireni pang'ono pamwezi, tikuchulukitsirani anthu oonera. Ena akuti ndi chipulumutso cha wopanga mavidiyo wopanda chuma. Ena akuti zikupha ntchito imene zikunamizira kuthandizayo.

Tisanaweruze, tione kaye msika umene anthuwa akugulitsiramo. Pofika 2019, mavidiyo a maola oposa 500 ankalowa pa YouTube mphindi iliyonse. Palibe munthu amene angasefe mulu wotere, choncho amene amasankha zoti inu muone mukatsegula foni ndi makina. Mu 2012 YouTube inasintha kawerengedwe kake: inasiya kuyang'ana kwambiri kuti ndi angati adina vidiyo, n'kuyamba kuyang'ana kuti akhalapo nthawi yaitali bwanji. Mu 2018 Neal Mohan, amene lero ndi mkulu wa kampaniyi, ananena kuti nthawi yoposa 70 peresenti imene anthu amathera pa YouTube imapita ku mavidiyo amene makinawo awasankhira. Wopanga mavidiyo, asanafike kwa munthu, ayenera kudutsa kaye pachipata cha makina. Kuti ayambe kugawana ndi YouTube ndalama za otsatsa malonda, afunika otsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, kapena otsatira omwewo ndi mavidiyo ake afupiafupi aja a Shorts ooneredwa ka 10 miliyoni m'masiku 90. Akadutsa pamenepo, pa mavidiyo aatali amalandira 55 peresenti ya ndalamazo.

Amene sanatsegulepo YouTube Studio sangamvetse msanga chifukwa chake anthuwa sagona tulo. Mukaika vidiyo yatsopano, tsambalo limaiyerekeza ndi mavidiyo anu am'mbuyo n'kukuuzani ngati ili ya nambala 1 pa 10 kapena ya nambala 10 pa 10. M'kati mwake muli mzere wosonyeza pamene anthu anathawira: umayamba uli pamwamba, m'masekondi 30 oyamba n'kugwa chagada, kenako n'kumatsetsereka pang'onopang'ono. Munthu wathera masiku akujambula, wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, ndiye mzerewo ukumuuza kuti theka la anthu linachoka iye asanamalize kupereka moni. Wina akabwera n'kunena kuti ali ndi mankhwala a mzere umenewo, ndani angakane kumvetsera?

Ochirikiza zidazi amayamba ndi thukuta, ndipo apa ali ndi mfundo yolimba. Tiyerekeze mphunzitsi wa masamu amene amajambula maphunziro ake ndi foni akaweruka. Kujambula kumamutengera ola limodzi, koma kuedita n'kumene kumadya usiku wonse: kudula pamene anatsokomola, pamene anati "eee" akufunafuna mawu, pamene galu anauwa panja, kenako kulemba m'munsi mawu onse amene wayankhula, mzere ndi mzere. Pulogalamu ya Descript imasandutsa zoyankhula kukhala zolemba, ndipo mukafufuta chiganizo pa zolembazo, chimachokanso mu vidiyo. CapCut, ya kampani ya ByteDance imene ndi mwini wake wa TikTok, imalemba yokha mawu a m'munsi aja. OpusClip imatenga vidiyo yaitali n'kuidula tizidutswa toyenera Shorts, TikTok ndi Reels. Matchanelo akuluakulu akhala ndi anthu olembedwa ntchito zimenezi kuyambira kale: wina woedita, wina wa zithunzi, wina wofufuza mitu. Amene ankavutika yekha ndi wamng'ono. Tsono ngati chida cha madola ochepa pamwezi chikumupatsa kachigawo ka mphamvu zimene olemera anali nazo kale, otsutsa akulirira ndani kwenikweni? Ochirikiza amati ambiri odandaulawo ndi anthu amene anakwera kale, ndipo sakufuna kuti ena awapeze.

Amawonjeza kuti mawu a m'munsi si zokongoletsa chabe. Munthu wosamva amadalira amenewo. Amene akuonera m'basi kapena pamzere wa kuchipatala, foni atatseka mawu, amadaliranso amenewo. Mavidiyo ambiri akale analibe mawuwa chifukwa eni ake analibe nthawi, osati chifukwa sankafuna.

Pa nkhani ya zithunzi ndi mitu, ochirikiza amati zidazi zachotsa kuombeza. Kale munthu ankangoganiza kuti mwina chithunzi ichi chikopa anthu, akalephera osadziwa chimene chalakwika. Mu 2024 YouTube inapereka kwa opanga mavidiyo njira yotchedwa Test & Compare: mumaika zithunzi mpaka zitatu, YouTube imazionetsa kwa anthu osiyanasiyana, kenako imakuuzani chimene chapambana. Ndipo chopambanacho sichiyezedwa ndi kuchuluka kwa odina, koma ndi nthawi imene anthu anakhala akuonera. Chithunzi chonyenga, cholonjeza zimene mulibe mu vidiyo, chimagwa pa muyeso umenewu chifukwa wonamizidwa sachedwa kuchoka. Pamenepa ochirikiza amati makina akuphunzitsa anthu chilungamo kuposa mmene chikumbumtima chinkachitira.

Mfundo yawo yokoma kwambiri ndi ya zinenero. MrBeast anayamba ndi kutsegula matchanelo apadera a Chisipanishi ndi zinenero zina, n'kulemba ntchito akatswiri oyankhula m'malo mwake. Wa Chijapani ndi Junko Takeuchi, amene amayankhula ngati Naruto m'makatuni otchuka aja. Zimenezo ndi za munthu wa ndalama zankhaninkhani. Mu February 2023 YouTube inayamba kulola vidiyo imodzi kukhala ndi mawu a zinenero zingapo, ndipo inati amene anayesa njirayi anapeza kuti nthawi yoonera yoposa 15 peresenti inkachokera ku zinenero zimene si zawo. Mu December 2024 inatsegulira matchanelo ambirimbiri njira yoti makina azimasulira okha ndi kuyankhula m'chinenero china, popanda mwini vidiyo kulipira kanthu. Mlimi wa ku Brazil wophunzitsa kasungidwe ka mbewu m'Chipwitikizi akhoza kumveka m'Chingerezi tsiku lomwelo. Ine ndikamaganiza zimenezi, mtima umandiuza kuti chinthu chotere sichingakhale choipa chokhachokha.

Otsutsa savutika ndi kudula chifuwa cha mphunzitsi uja. Nkhawa yawo imayambira pamene chida chasiya kunyamula katundu n'kuyamba kuuza munthu zoti anene. Mapulogalamu monga vidIQ ndi TubeBuddy amakupatsani mitu yoti mujambule, mawu oti muike pa dzina la vidiyo, ngakhale malikisi osonyeza ngati dzinalo lili bwino. Nzeru zimenezi amazitenga kuti? Ku mavidiyo amene anayenda bwino kale. Anthu masauzande akafunsa chida chimodzi funso limodzi, yankho limene amalandira limafanana. Ndiye tsegulani YouTube muone: nkhope zoyasamula kukamwa, maso ali tong'o, muvi wofiira wolozera kanthu, dzina lolonjeza kuti simukhulupirira zimene zinachitika. Masekondi asanu oyamba ndi kukuwa. Moni anatha, chifukwa mzere uja unasonyeza kuti moni amathawitsa anthu.

Thumbnail ndi dzina la vidiyo zimagwira ntchito ya woitanira pa depoti ya minibasi. Woitanira waluso amadzazadi galimoto msanga, ndipo mwini minibasi woyamba kumulemba amapindula. Koma aliyense akalemba wake, okwera sawonjezereka. Chimene chimawonjezereka ndi phokoso, kukokana zikwama, ndi ndalama imene aliyense akulipira woitanirayo. Maola a tsiku akadali 24, ndipo munthu ali ndi maso awiri okha. Phindu la chida cha AI limakhalapo pamene anzanu alibe. Onse akakhala nacho, mwabwerera pamene munali, kungoti tsopano muli ndi bilu ya mwezi ndi mwezi. Amene sataya kanthu pa mpikisanowu ndi wogulitsa zidayo.

Nkhawa yachiwiri ya otsutsa ndi kusefukira. Zida zomwezo zimene zimathandiza mphunzitsi zimathandizanso munthu amene alibe choti anene. ChatGPT, imene inatuluka mu November 2022, imulembera nkhani. ElevenLabs imuwerengera ndi mawu omveka ngati a munthu. Chida china chimupangira zithunzi. Iye n'kumaika mavidiyo angapo patsiku osaonetsa nkhope, osatuluka m'nyumba. Mu March 2025 YouTube inaimitsa ndalama za matchanelo awiri, Screen Culture ndi KH Studio, atolankhani a Deadline ataulula mmene ankapangira makanema abodza otsatsa mafilimu pogwiritsa ntchito AI, anthu mamiliyoni n'kumaonera poganiza kuti ndi enieni. Pa 15 July chaka chomwecho kampaniyi inakonzanso lamulo lake lokhudza mavidiyo obwerezabwereza ndi opangidwa mwachisawawa, kutsindika kuti otere sayenera kulandira ndalama. Ochirikiza amati umenewu ndi umboni woti msika umadzikonza wokha. Otsutsa amati ndi umboni woti madzi anafika kale m'khosi, ndipo wamng'ono woona mtima, amene zidazi zimati zikumuthandiza, ndi amene amayamba kumira chifukwa sangapikisane ndi munthu woika mavidiyo khumi patsiku.

Lamulo lina la YouTube, la mu March 2024, limati wopanga vidiyo aulule ngati wagwiritsa ntchito AI kupanga chinthu chooneka ngati chenicheni, monga kuyankhulitsa munthu zimene sananene. Koma silikakamiza kuulula ngati AI ndi imene yalemba nkhani yonse kapena yapereka mutu. Choncho mukhoza kumvetsera munthu kwa mphindi 20, kumukhulupirira, kumutsatira, osadziwa kuti palibe ganizo lake ngakhale limodzi pa zimene wanenazo. Kwa ine ichi ndi chachikulu, chifukwa chimene chimabweza munthu ku tchanelo sabata ndi sabata ndi chikhulupiriro choti kumbali inayo kuli munthu amene akutanthauza zimene akunena.

Nanga ife oyankhula Chichewa, lonjezo la zinenero lija likutikhudza bwanji? Pamene YouTube inalengeza zomasulira zija mu December 2024, zinenero zake zinali Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chihindi, Chiindoneziya, Chitaliyana, Chijapani, Chipwitikizi ndi Chisipanishi. Chichewa panalibe, Chiswahili panalibe, chinenero chilichonse chobadwira kuno kum'mwera kwa Sahara panalibe. Makina amaphunzira bwino chinenero chimene chili ndi zolemba ndi mawu ojambulidwa ochuluka, ndipo makampani amayambira kumene kuli ndalama. Ndalama za otsatsa malonda nazonso zimatengera dziko limene woonera ali: anthu 1,000 oonera ali ku America amabweretsa zambiri kuposa anthu 1,000 oonera ali ku Lilongwe kapena ku Chipata. Mtsikana wa ku Zomba akafunsa chida kuti achite chiyani kuti akule msanga, manambala amukankhira ku Chingerezi ndi ku nkhani zokomera anthu akutali. Chidacho sichikunama. Chikungowerenga msika mmene ulili. Koma uphungu woona ukhoza kumuchotsa munthu pakati pa anthu ake.

Pali munthu mmodzi amene mbali zonse ziwiri zimamukokera kwawo. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anajambula nyimbo zake zakale ndi Patience Namadingo mu 2020. Chakumapeto kwa 2021 nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok, ndipo mu January 2022 atolankhani a AFP analemba kuti yaoneredwa koposa ka 80 miliyoni, mwini wake alibe ngakhale foni yamakono. Ochirikiza amati taonani, ndi makina amene ananyamula agogo athu kuwafikitsa kumayiko amene sakanawamva. Zimenezo n'zoona. Koma makina amene anawanyamula ndi osankhira anthu zoonera, ndipo anatero ataona kuti anthu akuima, akumwetulira, akubwereza. Funso la otsutsa ndi lina: kodi chida chopereka mitu, chimene chimayang'ana zimene zinayenda dzulo, chikanalangiza ndani kuti ajambule nkhalamba ya zaka 90 ikuimba nyimbo yakale? Chimodzimodzi Khaby Lame, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku Italy, amene mu June 2022 anakhala munthu wotsatiridwa kwambiri pa TikTok osayankhula liwu, pa nthawi imene uphungu wonse unkati kuwa msanga anthu asanathawe. Zimene zimaswa msika kawirikawiri ndi zimene sizinaonekepo, ndipo chida chophunzira ku zakale sichingazione zisanachitike.

Maganizo anga ndi akuti mbali ziwirizi zikukangana pa zinthu ziwiri zosiyana zimene zapatsidwa dzina limodzi. Pali zida zochepetsa ntchito: kudula, kuyeretsa mawu, kulemba za m'munsi, kumasulira. Izi ndingamuuze wachinyamata aliyense kuti azigwiritse ntchito popanda manyazi, chifukwa maola amene apulumutsa akhoza kuwathera pokacheza ndi munthu wina woti amujambule, kapena kuwerenga kuti adziwe bwino nkhani yake. Ndiye pali zida zosankha: mutu, dzina, nkhope yoti apange, chiganizo choyambira. Izi azifunse ngati mmene amafunsira mnzake wodziwa msika, amve, koma mawu omaliza akhale ake, ndipo nthawi zina akane dala.

Komabe malire amenewa sali oongoka mmene ndingafunire, ndipo pamenepa ndi pamene ndimaona kuti ochirikiza amafulumira. Tengani OpusClip. Pamaso ndi chida chochepetsa ntchito: chimangodula. Koma kudula masekondi 40 pa kucheza kwa ola lathunthu ndi kusankha tanthauzo. Chidacho chimapatsa kachidutswa kalikonse malikisi osonyeza mwayi wake wofalikira, ndipo zimene zimafalikira msanga nthawi zambiri ndi mawu otentha. Tiyerekeze mwacheza ndi sing'anga, kapena m'busa, kapena mayi amene anasiyana ndi mwamuna wake. Pa ola lonselo wayankhula mofatsa, wafotokoza mbali zonse, koma penapake mtima unamupweteka n'kutulutsa chiganizo chimodzi chakuthwa, kenako n'kuchifewetsa. Kachidutswa kakathera pa chiganizo chakuthwacho, kufewetsa kuja kwatsala kunja. Anthu masauzande amudziwa munthuyo ndi mawu amene iye mwini anawabweza. Mwini tchanelo wapeza otsatira, mlendo wake wapeza manyazi kumudzi ndi kutchalitchi. Palibe amene wanama, koma munthu walakwiridwa. N'chifukwa chake ndimati ngakhale ntchito yooneka ya manja chabe, mwini vidiyo aonere kachidutswa kalikonse asanakatulutse, ndipo adzifunse ngati mlendo wakeyo angavomere kuti izi ndi zimene ananena.

Kumasulira nakonso n'chimodzimodzi. Vidiyo yanu ikayankhula Chihindi, inu simungadziwe ngati nthabwala yanu yasanduka chipongwe, kapena ngati muyeso wa mankhwala a mbewu wasintha panjira. Pa vidiyo yophika mandazi ngozi yake ndi yochepa. Pa vidiyo ya zaumoyo, ndi bwino kupeza munthu wodziwa chinenerocho amvetsere kaye, apo ayi kuzimitsa kumasulirako.

Pali mbali ina imene sindingaime pakati, ndiyo ya chilolezo. Zida zonsezi zinaphunzira ku ntchito za anthu. Mu July 2024 atolankhani a Proof News anapeza kuti mawu olembedwa a mavidiyo 173,536 ochokera ku matchanelo oposa 48,000 anali mu mulu wa zolemba umene makampani monga Apple, Nvidia ndi Anthropic anaugwiritsa ntchito pophunzitsa AI. Munali mavidiyo a Marques Brownlee, a MrBeast yemwe, ndi a masukulu akuluakulu, ndipo eni matchanelo amene atolankhaniwo anayankhula nawo anati sanafunsidwe. Mu August 2025 oimba awiri a pa YouTube, Rick Beato ndi Rhett Shull, anaona kuti nkhope zawo mu Shorts zikuoneka zachilendo, khungu losalala mopitirira, ngati lopakidwa. YouTube inavomera kuti inkayesa kukonza maonekedwe a mavidiyo ena ndi makina, eni ake osauzidwa. Kwa munthu amene chuma chake chonse ndi chikhulupiriro cha omutsatira, kuoneka ngati wopangidwa ndi AI pamene sanaigwiritse ntchito si nkhani yaing'ono.

Ochirikiza amayankha kuti YouTube imalipira bwino, ndipo n'zoona kuti kumayambiriro kwa 2024 Neal Mohan anati m'zaka zitatu kampaniyi inapereka madola oposa 70 biliyoni kwa opanga mavidiyo, oimba ndi makampani ofalitsa nkhani. Koma ndalama imeneyo ndi gawo lawo la malonda otsatsidwa pa mavidiyo awo. Si malipiro a kuphunzitsa makina amene mawa adzapanga mavidiyo opikisana nawo. Zinthu ziwirizi zimafunika mapangano awiri, ndipo pangano lachiwirilo mwini ntchito ayenera kukhala ndi ufulu wolikana. Mu December 2024 YouTube inaika mu Studio malo oti mwini tchanelo asankhe ngati akulola makampani akunja kuphunzitsa AI ndi mavidiyo ake, ndipo akapanda kusankha, ndiye kuti sanalole. Limenelo ndi khalidwe loyenera. Koma mu June 2025 atolankhani a CNBC analemba kuti Google, mwini wake wa YouTube kuyambira 2006, imagwiritsa ntchito ena mwa mavidiyo a pa YouTube pophunzitsa Gemini ndi Veo 3, chida chake chopanga mavidiyo kuchokera pa mawu olembedwa, ndipo kampaniyo inavomera. Malo osankhira aja amakhudza makampani akunja okha. Malo okanira Google mwini wake sanaikepo, ndipo ayenera kuikapo.